Anthu 2,686 Komanso Amene Sitinawawerenge: Lipoti la Kuyeza Chipsinjo cha COVID-19 m'Malawi

Funso lomwe lipotili likuyankha

Malinga ndi ziwerengero za boma, COVID-19 inapha anthu 2,686 m'Malawi muno, ndipo amene anayezedwa n'kupezeka ndi kachilomboka anali pafupifupi 89,000. Nambala ziwirizi zalowa m'malipoti ambiri, ndipo pamisonkhano ya zaumoyo timamva ena akuzitchula ngati umboni woti mliriwu unangotilambalala. Ena amati ayi, anthu anatha ngati ntchentche koma boma linabisa. Ine ntchito yanga ndi yosonkhanitsa ndi kusanthula ziwerengero za matenda, ndipo ndikulembera anzanga a ntchito yomweyi, madokotala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, kuti tione bwino chimene nambalazi zinayeza, chimene zinaphonya, ndi njira zina zomwe zinayesedwa pofuna kudziwa chipsinjo chenicheni cha mliriwu pakati pa 2020 ndi 2022.

Maganizo anga ndiwanene poyamba pomwe. Nambala ya 2,686 si yabodza, koma ndi poyambira chabe: ndi anthu amene anafika pomwe panali choyezera, anayezedwa, ndipo imfa yawo inalembedwa ndi munthu amene anali ndi fomu m'manja. Chiwerengero chenicheni n'chokwera kuposa pamenepo. Kukwera kwake n'kofika pati, dziko lathu linalibe chida chodziwira, ndipo chidacho si makina a mu labu ayi, koma kaundula wa imfa.

Mmene mliri unayendera

Anthu atatu oyamba anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo 2020. Nthawi imeneyo Pulezidenti Peter Mutharika anali atalengeza kale pa 20 Malichi kuti dziko lili pa ngozi, ndipo sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi. M'bindikiro wa masiku 21 umene umayenera kuyamba pa 18 Epulo unaimitsidwa ndi khoti lalikulu bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula. Anthu anapitiriza kupita kumsika, kukwera maminibasi, ndi kusonkhana pamisonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni. Funde loyamba linakwera mu Juni ndi Julayi, nthawi yomwenso abale athu ambiri ankabwerera kuchokera ku South Africa kudzera pachipata cha Mwanza.

Funde lachiwiri, la mtundu wa kachilomboka wotchedwa Beta, ndilo linatigwedeza. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, Lingson Belekanyama ndi Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Bwalo la Bingu National Stadium ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ku Zomba zinasandutsidwa zipatala zongoyembekezera. Delta inabwera chapakati pa 2021, Omicron mu Disembala chaka chomwecho. Katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000 wochokera ku ndondomeko yogawira mayiko katemera ya COVAX, anafika pa 5 Malichi 2021.

Njira yoyamba: kuwerenga amene ayezedwa

Madzulo aliwonse komiti ya Pulezidenti yolimbana ndi mliriwu inkatulutsa chikalata chosonyeza odwala atsopano, ochira ndi omwalira, boma ndi boma. Ziwerengerozi zinkachokera m'malabu ndi m'maofesi a zaumoyo kudzera ku Public Health Institute of Malawi. Ntchitoyi inagwiridwa mokhulupirika, ndipo inathandiza kwambiri posonyeza nthawi yomwe funde likukwera kapena kutsika. Koma kuti munthu alowe m'chikalatacho ankayenera kudutsa zipata zingapo: adwale mokwanira kuti aganize zopita kuchipatala, akhale ndi ndalama ya thiransipoti, apeze choyezera chilipo tsiku limenelo, ndipo zotsatira zake zifike kwa wolemba. Pachipata chilichonse anthu ankatsalira.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, ndipo 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. M'miyezi yoyamba kuyeza kunkachitika m'malabu ochepa a m'mizinda. Zoyezera zapompopompo zitabwera zinthu zinapepukako, komabe kuyeza konse kwa zaka zitatu sikunafike miliyoni imodzi. Panalinso mantha. Anthu ankamva kuti amene wapezeka nako amabindikiritsidwa, achibale samuona, ndipo akamwalira mtembo umaikidwa ndi azaumoyo popanda mwambo wa maliro wodziwika. Kwa Mmalawi imeneyi si nkhani yaing'ono. Mabanja ambiri anasankha kudwazika m'nyumba, kufukiza wodwala ndi masamba a bulugamu, kumupatsa jinja ndi mandimu. Ambiri anachiradi. Ena, makamaka okalamba ndi a matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, anabanika n'kumwalira pamphasa pawo, ndipo pamaliro pankanenedwa kuti anadwala chibayo, malungo, kapena kuti ndi ukalamba.

Chenjezo kwa anzanga ndi ili: kugawa 2,686 ndi 89,000 kumapereka pafupifupi 3 pa 100, ndipo ena amanena kuti ndiye kuopsa kwa matendawa kwathu kuno. Sizoona. Pansi pa kugawaku pali odwala ochepa kwambiri poyerekeza ndi onse amene anatenga kachilomboka, ndipo pamwamba pali omwalira osakwanira. Mbali zonse ziwiri n'zoperewera, koma sizinaperewere mofanana, choncho zotsatira zake sizikutiuza kanthu kodalirika.

Njira yachiwiri: magazi

Apa ndi pamene Malawi anachita bwino kuposa mayiko ambiri. Munthu akadwala COVID-19, ngakhale osadziwa, thupi lake limapanga asilikali olimbana ndi kachilomboka, ndipo asilikaliwo amatsala m'magazi kwa miyezi. Chapakati pa 2020 ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anayeza ogwira ntchito zaumoyo pafupifupi 500 mumzindawo, ndipo anapeza kuti 12 mwa 100 aliwonse anali atakumana kale ndi kachilomboka, pamene odwala olembedwa m'dziko lonse anali akadali ochepa. Kenako anatembenukira ku magazi omwe bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limasunga kuchokera kwa opereka magazi. Anayeza masampulo opitirira 5,000 a kuyambira Januwale 2020 mpaka Julayi 2021. Mu Okutobala 2020 opezeka ndi asilikaliwo anali 18.5 pa 100. Pofika Meyi 2021, funde la Beta litadutsa, anali pafupifupi 65 pa 100, ndipo ku Blantyre mu Julayi anapitirira 80 pa 100.

Zotsatirazi ziyenera kugwiridwa mosamala. Opereka magazi ambiri ndi achinyamata, aamuna, ophunzira ndi a m'tauni. Sakuimira agogo a ku Nsanje kapena mlimi wa ku Chitipa. Katemera naye amapanga asilikali ofanana, ngakhale kuti pofika Julayi 2021 obayitsa anali ochepa kwambiri moti sangafotokoze kukwera konseko. Mbali inayi, asilikaliwa amazilala pakapita nthawi, zomwe zikutanthauza kuti ena amene anadwala mu 2020 sankaonekanso mu 2021.

Ngakhale titachotsera zonsezi, uthenga wake ndi womveka. Tiyerekeze mochepetsa kwambiri kuti m'dziko lonse munthu mmodzi yekha mwa anayi ndiye anatenga kachilomboka. Amenewo ndi anthu opitirira mamiliyoni anayi, kuwirikiza pafupifupi ka 50 chiwerengero cha 89,000. Choncho mfundo yoti kachilomboka sikanafale kuno, kaya chifukwa cha kutentha kapena china chilichonse, inagwa. Kanafala kwambiri. Funso lotsala ndi lakuti mwa mamiliyoni amenewa anamwalira angati.

Chifukwa chake imfa zinayenera kukhala zocheperapo kuno

N'zoona kuti panali china chotiteteza, ndipo ndi zaka za anthu athu. Chiopsezo chofa ndi COVID-19 chimakwera pafupifupi kakhumi pa zaka 20 zilizonse zomwe munthu wawonjezera. M'Malawi theka la anthu ndi ana osafika zaka 18, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi 4 pa 100, pamene ku Italy amapitirira 20 pa 100. Tilibenso nyumba zambiri zosungiramo okalamba, zomwe ku Ulaya zinasanduka misampha. Zolosera zoyambirira zomwe zinkati kuno kufa anthu masauzande makumimakumi m'miyezi yochepa sizinachitike monga zinanenedwera, ndipo izi tiyenera kuvomereza.

Koma mbali ina inkatipanikiza. Kafukufuku wa HIV wa dziko lonse wotchedwa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 pa 100 ali ndi HIV. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zilipo zambiri zosadziwika kwa eni ake. Ndipo wodwala akafika pobanika, chimene chimamupulumutsa ndi mpweya wa okosijeni. Chipatala cha Queen Elizabeth chinalandira makina opangira mpweyawu mu 2020 mothandizidwa ndi Wellcome, ndipo anapulumutsa anthu, koma mu Januwale 2021 mpweya unkaperewera m'malo ambiri, mpaka nzika wamba zinayamba kusonkha ndalama zogulira masilinda ndi zipangizo zake. Munthu wa zaka 70 kuno anali pachiopsezo chachikulu kuposa mnzake wa zaka zomwezo kumene okosijeni amatuluka pakhoma la wodi iliyonse.

Njira yachitatu: imfa zopitirira muyeso

Njira yomwe akatswiri amaikhulupirira kwambiri siifunsa n'komwe kuti munthu wafa ndi chiyani. Imatenga imfa zonse za sabata kapena mwezi, n'kuziyerekeza ndi zomwe zimachitika nthawi ngati yomweyo m'zaka za m'mbuyo. Zotsalazo ndizo imfa zopitirira muyeso. Ubwino wake ndi woti imagwira amene anafera kunyumba osayezedwa, imagwiranso amene anafa ndi matenda ena chifukwa chipatala chinadzaza kapena ankaopa kupitako.

Mu Meyi 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti m'zaka za 2020 ndi 2021 dziko lonse lapansi linataya anthu pafupifupi 14.9 miliyoni opitirira muyeso, pamene imfa za COVID-19 zolembedwa zinali 5.4 miliyoni. Bungwe lofufuza ziwerengero za zaumoyo la IHME la ku Seattle, ku America, linapeza 18.2 miliyoni. Kusiyana kwa nambala za mabungwe awiriwa kukuchokera makamaka kumayiko ngati lathu, omwe analibe ziwerengero za imfa za mwezi ndi mwezi. Nambala yomwe mabungwewa analemba pa dzina la Malawi sinachokere powerenga manda a kuno. Inachokera m'masamu a pakompyuta otengera zomwe zinachitika m'mayiko ena ofananako. Ndimailemekeza ngati kuyesera, koma sindingaiike m'lipoti langa ngati chinthu chimene tinayeza.

Anzathu a ku South Africa anatha kuyeza, chifukwa imfa zambiri kumeneko zimalembedwa ku nthambi ya boma ya Home Affairs. Bungwe la South African Medical Research Council linkatulutsa lipoti sabata iliyonse, ndipo pofika 2022 imfa zopitirira muyeso zinali pafupifupi 300,000, pamene za COVID-19 zolembedwa zinali pafupifupi 100,000. Dziko limenelo lili ndi malabu ndi zipatala zambiri kuposa ife, komabe pa imfa zitatu zilizonse chikalata cha tsiku ndi tsiku chinkagwira imodzi.

Ku Zambia anayesa njira ina, yolimba mtima. Gulu lotsogozedwa ndi Lawrence Mwananyanda ndi Christopher Gill linkayeza mitembo m'nyumba yachisoni ya University Teaching Hospital ku Lusaka. Pakati pa Juni ndi Seputembala 2020 anayeza mitembo 364, ndipo 70 inapezeka ndi kachilomboka. Mwa 70 amenewa, 51 anamwalirira kunyumba, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayezedwapo ali moyo. Atabwerezanso mu 2021 pa mitembo yopitirira 1,100, pafupifupi 1 mwa 3 inapezeka nako. Kupezeka ndi kachilombo pa nthawi ya imfa sikutanthauza nthawi zonse kuti ndiko kapha, ndipo Lusaka si Ntchisi. Komabe Lusaka ndi mzinda wofanana ndi Lilongwe m'zambiri: makomboni ake, kayendedwe ka anthu, ngakhale chilankhulo. N'kovuta kukhulupirira kuti zimene zinkachitika ku Kanyama ndi ku Matero sizinkachitika ku Mtandire, ku Ndirande kapena ku Chibavi.

Nanga ife tinalepherera pati? Lamulo la kalembera wa nzika la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, limati imfa iliyonse ilembedwe ku National Registration Bureau. Koma banja la kumudzi limafuna chiphaso cha imfa pokhapokha ngati pali penshoni, inshuwalansi kapena chuma chamasiye chofuna kutsatira. Kupanda apo, nyakwawa yauzidwa, adzukulu akumba, m'bale wagona, nkhani yatha. Imfa zambiri zimachitikira kunja kwa chipatala, ndiye sizilowanso mu DHIS2, kaundula wa pakompyuta wa ziwerengero za m'zipatala.

Kukula kwa vutoli kumaoneka tikachita masamu ochepa. Pachaka m'Malawi mumamwalira anthu 6 kapena 7 pa 1,000 aliwonse, kutanthauza anthu opitirira 100,000. Imfa 2,686 za zaka zitatu sizikwana ngakhale 1 pa 100 ya imfa zonse za nthawi imeneyo. Ngakhale titati chiwerengero chenicheni chinali chowirikiza kasanu, chikanabisalabe m'kusinthasintha kwa chaka ndi chaka komwe malungo, njala ndi mvula zimabweretsa, pokhapokha tikanakhala ndi kaundula wa sabata ndi sabata wosonyeza zaka za womwalira aliyense. Munthu sangadziwe kuti anankafumbwe adya chimanga chochuluka bwanji ngati sanawerenge matumba pomwe ankaika m'nkhokwe. Chaka cha 2019 tinalibe chiwerengero chokwanira cha imfa, choncho 2021 inalibe choiyerekeza nacho.

Zoyesayesa zinalipo. Kudera la Chilumba ku Karonga, bungwe lomwe tsopano limatchedwa MEIRU lakhala likulemba kubadwa ndi imfa iliyonse kuyambira 2002, ndipo limafunsa achibale za mmene womwalira anadwalira kuti lipeze chomwe chinamupha. Ntchito imeneyi ndi yamtengo wapatali, kungoti dera limodzi lakumudzi lokhala ndi imfa mazana ochepa pachaka silingayankhire dziko lonse, makamaka pa mliri womwe unagunda kwambiri m'mizinda. Panalinso kafukufuku wa pafoni wotchedwa RaMMPS, wofunsa anthu za imfa za m'banja mwawo, za makolo ndi za abale awo. Ndi njira yachangu ndi yotchipa, koma imafika kwa okhawo okhala ndi foni, ndipo nyumba yomwe munkakhala agogo okha, agogowo akamwalira, palibe woyankha foniyo.

Njira yachinayi: zaka za moyo zotayika

Opanga ndondomeko amafuna muyeso umodzi woyerekezera matenda osiyanasiyana, ndipo wodziwika kwambiri ndi DALY. Umaphatikiza zaka zomwe munthu akanakhalabe ndi moyo akanapanda kufa msanga, ndi zaka zomwe wakhala akuvutika ndi matenda kapena ulumali. Mwana wa zaka ziwiri akafa ndi malungo, muyesowu umawerenga zaka zambirimbiri zotayika. Agogo a zaka 80 akafa ndi COVID-19, umawerenga zochepa. Pa chifukwa chimenechi, m'dziko ngati lathu imfa za makanda, malungo, HIV ndi chifuwa chachikulu zimalemerabe kwambiri pa sikelo imeneyi, ndipo n'koyenera kuti ndalama za matenda amenewa zisapatutsidwe mwachisawawa mliri ukabwera.

Koma ndili ndi zodandaula ziwiri pa muyesowu. Choyamba, umadalira nambala ya imfa ndi zaka za omwalira, zomwe taona kale kuti n'zoperewera. Gawo la ulumali nalo n'lopanda maziko kuno, chifukwa amene anatsala ndi kutopa, phuma ndi kuiwalaiwala kwa miyezi atachira sanalembedwe paliponse. Kuchipatala amalembedwa ngati odwala wamba. Chachiwiri, muyesowu sudziwa ntchito ya agogo m'mudzi wa ku Malawi. Mliri wa Edzi unasiya ana ambiri m'manja mwa agogo awo, ndipo mayi wokalamba amene DALY imamupatsa zaka zochepa akhoza kukhala ndiye amalima, kuphika ndi kulipira fizi ya zidzukulu zinayi. Chimodzimodzi mphunzitsi, namwino kapena bambo wa zaka 55 wa m'tauni amene malipiro ake ankadyetsa mabanja atatu kumudzi.

Palinso chipsinjo chomwe kachilombo sikanabweretse mwachindunji. Sukulu zinatsekedwa kuyambira Malichi mpaka Seputembala ndi Okutobala 2020, ndipo kafukufuku wachangu wa boma anapeza atsikana pafupifupi 40,000 otenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi imeneyo. Ngakhale apa pakufunika kusamala, chifukwa mimba za atsikana zinali zambiri kale mliri usanabwere, ndipo zowonjezera zokha ndizo tingaziike pa mliriwu. Mu DHIS2 timatha kuona miyezi yomwe amayi anachepa kusikelo, ana anaphonya katemera, kapena oyezetsa chifuwa chachikulu anatsika. Zotsatira za kuphonya kumeneku zimabwera mochedwa, ndipo zikamafika zimakhala zitasakanikirana ndi za namondwe Ana wa Januwale 2022 ndi kolera yomwe inayambira ku Machinga mu Malichi chaka chomwecho.

Zimene ndikupempha

Sindikupempha kafukufuku wamkulu watsopano. Dziko lino lili kale ndi anthu awiri amene amadziwa imfa iliyonse ya m'mudzi: mfumu, chifukwa manda sakumbidwa iyo isanalole, ndi mlangizi wa zaumoyo, chifukwa amayenda khomo ndi khomo. Chofunika n'chakuti imfa iliyonse ilembedwe ndi zinthu zinayi zokha, tsiku, zaka, mwamuna kapena mkazi, ndi komwe wafera, ndipo zifike kuofesi ya zaumoyo ya boma sabata iliyonse, osati pakutha pa chaka. Chomwe chapha munthuyo chingafufuzidwe pambuyo pa imfa zochepa zosankhidwa, pogwiritsa ntchito mafunso a WHO ofunsa achibale, omwe anawonjezeredwamo kale mafunso okhudza COVID-19. M'mizinda, mabuku a manda a khonsolo ndi a nyumba zachisoni, kuphatikizapo amene afika kuchipatala atamwalira kale, asonkhanitsidwe pamodzi ndi kusungidwa pakompyuta kuyambira zaka za m'mbuyo, kuti pakhale poyerekezera.

Magazi a opereka magazi apitirize kusungidwa pang'ono mwezi uliwonse, chifukwa ofufuza anatha kuona pomwe kachilomboka kanayambira kufala kaamba koti masampulo a Januwale 2020 analipo mufiriji. Ndipo mabanja asaopsezedwenso ndi kulandidwa maliro. Malamulo a kaikidwe ka mitembo akapangidwa mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ali pomwepo, anthu sadzabisa odwala, ndipo olemba ziwerengero adzawapeza.

Pomaliza, kwa anzanga olemba malipoti: mukamalemba 2,686, lembani pambali pake kuti ndi imfa zotsimikizika ndi kuyeza. Mukamalemba nambala ya WHO kapena ya IHME, lembani kuti ndi yoyerekeza ndipo muonetse malire ake apansi ndi apamwamba. Ziwirizi zisaikidwe m'bokosi limodzi la tebulo ngati kuti zinapezedwa m'njira imodzi.